Kuyera kwa Ambili

M'chisakasa cha mayi Sarojam, m'mphepete mwa ngalande ina ya ku Kuttanad, dera lathu la madzi ndi minda ya mpunga, ntchito inkayamba nkhungu isanadzuke pamadzi. Makoko a kokonati amene anagona m'matope miyezi yambiri ankavuulidwa, n'kupunthidwa ndi zibonga mpaka atasanduka luzi lofiirira, ndipo luzilo ankalipota kukhala zingwe. Mayi Sarojam ankazunguza gudumu, mwana wawo Ambili n'kumayenda chafutambuyo atakoleka mtolo wa luzi m'chiuno, chingwe chikutuluka m'manja mwake ngati ulusi wa kangaude. Bambo wa pakhomopo anatsikira kuli chete kalekale. Chimene chinkaika mpunga pambale chinali gudumu lija ndi miyendo ya Ambili.

Ambili anali namwali wamphamvu, wa mawu anthetemya, woseka ndi thupi lonse. Koma anali wakuda bii, ndipo kwathu kuno khungu la mtsikana amaliyeza asanamufunse dzina. Mabanja angapo anabwera kudzamuona. Ankakhala pakhonde, Ambili n'kuwabweretsera tiyi atazyolika, iwo n'kumwa, kuyamikira nthochi zokazinga, n'kulonjeza kuti atumiza mawu. Mawuwo ankamira panjira.

Azakhali ake, a Kamalakshi, amene ankadya za kulumikiza mabanja, sankadziwa kusunga mawu kukhosi.

"Mlamu, akadzabweranso alendo mudzayatse nyale ngakhale ali masana," ankatero kwa mayi Sarojam akulavula malovu ofiira a masamba omwe ankatafuna. "Apo ayi adzapatsa moni mphika, mwana n'kumusiya."

"Mphika wakudawo ndi umene mumaunyambita mukabwera kuno, azakhali," Ambili ankayankha, amayi onse a m'chisakasa n'kufa nako kuseka.

Nayenso ankaseka. Koma mawu ena ali ngati mwala woponyedwa m'ngalande: pamwamba madzi amabwerera mwakale, pansi mwalawo ulipobe.

Chaka china, mvula yaikulu itadutsa, kumwezi kunayamba kumutengera masiku ochuluka kuposa kale. Sanauze munthu. Kenaka thupi linayamba kupepuka, ndipo poyamba kupepukako kunali kokoma. Akaimirira msanga, dziko linkapendekeka pang'ono ngati bwato lopondedwa m'mbali, mitengo ya kokonati n'kuwerama ngati ikufuna kumunong'oneza kanthu. M'makutu munkalira kachitoliro ka kutali. M'mawa wina akutsuka mbale pamasitepe otsikira m'ngalande, anaona m'madzi nkhope imene sanaizindikire msanga, yoyererako, yofatsa, ngati mwezi wochedwa kulowa. Anaiyang'ana mpaka mbale ina inamupulumuka n'kuyandama kupita.

"Iwe, ukudzola chiyani?" anafuula a Kamalakshi atamuona. Anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa. "Mlamu, taonani! Milungu yatimvera. Mwana wayamba kusenda."

Mayi Sarojam sanasangalale nawo. Iwo ankaona zina. Chingwe chinkaduka kawirikawiri m'manja mwa mwana wawo, nyimbo zinathera pakhosi, ndipo tsiku lina anamupeza kuseri kwa chitseko akukukuta mpunga wosaphika ngati khoswe. M'mawa mwake anamukweza bwato kupita kutsidya, kwa a Velayudhan, sing'anga wa zitsamba amene makolo ake anali asing'anga kuyambira kale.

Nyumba ya a Velayudhan inkanunkhira mafuta owiritsa, mizu youma ndi utsi. Mkuluyo anagwira dzanja la Ambili nthawi yaitali ali tsinzi, ngati akumvetsera munthu wolankhula kuchipinda china. Anamutsitsa chikope n'kupeza m'kati muli mbee, anayang'ana zikhadabo n'kupeza zalowa ngati tisupuni.

"Magazi achepa, mayi," anatero. "Pitani kaye kuchipatala akamuyeze, tidziwe kuti chitsimechi chaphwa mpaka pati."

Kuchipatala anatsimikiza zomwezo n'kumupatsa mapiritsi, koma mapiritsiwo ankamupotokola m'mimba mpaka kusanza, choncho anabwerera kwa a Velayudhan. Mkuluyo anatulutsa kabotolo ka ufa wakuda, wosalala ngati mwaye. Chinali chitsulo chimene anachiwotcha n'kuchizimitsa m'madzi a zitsamba kambirimbiri mpaka chitaiwala kuuma kwake. Pambali pake anaika kachipatso kobiriwira, kozungulira, koonekera m'kati ngati dontho la madzi, kamene timakatcha nelika.

"Tamvera, mwana wanga. Chitsulo ndi mlendo wamanyazi. Sichilowa m'magazi chokha, chimafuna wochigwira dzanja, ndipo wochigwira dzanjayo ndi nelika. Uzinyambita ufawu ndi uchi, n'kumwera madzi a nelika wosinja. Amayi ako aziphika masamba a chamwamba m'chiwaya chachitsulo. Koma tiyi ayi. Tiyi akakumana ndi chitsulo m'mimba amachimanga manja ndi miyendo n'kutuluka nacho, magazi osalawako. Ukamufuna tiyi, dikira dzuwa lisunthe kaye."

"Ndikachira ndidzaoneka bwanji, agogo?" anafunsa Ambili chapansipansi.

"Monga unalili. Mtundu wako wonse udzabwerera."

Mkuluyo ananena mawuwo ngati akupereka mphatso. Ambili anawalandira ngati chigamulo.

Masabata oyamba anamvera. Nelika ndi chipatso chodabwitsa: chimakuwawasa mpaka maso kutsinzina okha, koma ukamwera madzi, madziwo amatsekemera ngati muli shuga. Pang'onopang'ono dziko linaleka kupendekeka. Miyendo inakumbukira njira yake m'chisakasa, ndipo tsiku lina amayi opuntha makoko anamva nyimbo ikutuluka yokha. Mayi Sarojam anazunguza gudumu akumwetulira osayang'ana munthu.

Ndiye anatulukira a Kamalakshi, ambulera ili m'khwapa, nkhani ili pamlomo.

"Ndapeza banja! Mnyamata ndi Prakashan, woyendetsa boti la anthu lija limadutsa panoli. Samwa, sasuta, nyumba yawo ndi ya malata." Anaima n'kumuyang'anitsitsa Ambili, nkhope yawo n'kugwa. "Koma iwe, wayambanso kuda? Ine ndawauza kale amayi ake kuti ndiwe woyera ngati m'kati mwa kokonati. Ukufuna anthu azinditcha wabodza ndi imvi zangazi?"

"Mlamu, mwana akuchira," anatero mayi Sarojam.

"Achire atakwatiwa. Thanzi silithawa, mwamuna ndiye amathawa."

Madzulo a tsikulo Ambili anakhala pamasitepe mapazi ali m'madzi. Abakha ankabwerera kwawo ali mdipiti, akakowa akudutsa oyera mbee pamwamba pa minda ya mpunga. Anakumbukira makapu onse a tiyi amene ananyamula atazyolika, ndi misana ya alendo ikukwera mabwato. Kenaka anakumbukira mawu a sing'anga, ndipo chenjezo lija linamuonekera ngati khomo lotseguka.

Kuyambira m'mawa mwake anachita motere. Ufa ankanyambita pamaso pa amayi ake, lilime lili bii kuti aone. Kapu ya nelika ankatuluka nayo, akuti amwere panja poti kuwawasa kumamuchititsa nseru, n'kukaikhuthulira pakati pa namasupuni. Akatero ankapita kuseri kwa chisakasa komwe ketulo ya amayi antchito sinkachoka pamoto, n'kumwa tiyi wakuda, wowawa, wofulula kawiri. Masamba a chamwamba ankawakankhira kumphepete kwa mbale mpaka amayi atatembenuka. Sanadzione ngati wonama. Ankadziuza kuti akungobwereka miyezi yochepa kwa thupi lake, adzabweza ukwati ukadutsa.

Kuyera kunabwerera, ndipo kunabwera ndi anzake.

Tsiku lodzamuona, Ambili anatuluka ndi thireyi ya tiyi atavala sari, nsalu yaitali yodzikulunga nayo, yoyera ya m'mphepete mwagolide. Makapu ankagwedezeka m'manja mwake, alendo n'kumati ndi manyazi a unamwali. Mayi Devayani, amayi ake a mnyamatayo, anagwira pachifuwa.

"Koma abale! Mwana ngati mwezi. A Kamalakshi, nthawi ino simunawonjezere mchere."

Prakashan, mnyamata wamtali wa manja othimbirira ndi oyilo, analandira kapu yake n'kumuyang'ana Ambili modabwa. Kenaka anasuzumira kukhomo la kukhitchini ngati akudikira kuti mutuluke munthu wina. Amayi ake anamutsina pantchafu, iye n'kuweramitsa mutu. Asanakwere bwato, mawu anali atamangidwa. Woona nyenyezi anasankha tsiku, n'kusankhanso kanthawi kochepa ka m'mawa kamene mkwati ayenera kumanga kachingwe ka ukwati m'khosi mwa mkwatibwi, pakuti kanthawiko kakadutsa, mwayi wadutsa nako.

Miyezi yotsatirayo Ambili anaikhala ngati munthu woyenda pansi pa madzi. Mawu a anthu ankamufika mochedwa, atafewa. Akayenda chafutambuyo ndi luzi, chisakasa chinkatalika, amayi ake ndi gudumu n'kumachepa mpaka kukhala kadontho kumapeto kwa chingwe. Nthawi zina ankadzidzimuka ataima chilili, chingwe chitagwa pansi, iye akuonerera kuwala kwa madzi kukuvina kudenga. Masana dzuwa likuswa mtengo, manja ake ankazizira ngati nsomba. Mtima unkagunda m'khosi ngati mbalame yotsekeredwa m'dengu, tsitsi n'kumatsalira pachipeso. Koma akadutsa pamlatho wa thabwa, amayi ochapa ankagwirana zigongono: "Ndi mwana wa Sarojam uja? Wakongola bwanji!" Mawu amenewo ankamukwanira kuposa chakudya.

Mayi Sarojam anapirira mpaka analephera. Anamukwezanso bwato, ndipo nthawi iyi analowa kwa a Velayudhan osavula n'komwe mkwiyo pakhomo.

"Bambo, ufa wanu uja ndi chitsulo kapena makala a m'mbaula? Mwana amanyambita tsiku lililonse ine ndikuona, koma taonani mmene alili!"

Mkuluyo anatsitsa chikope cha Ambili, n'kugwira dzanja lake, ndipo nthawi iyi sanatsinzine. Anamuyang'ana m'maso.

"Nelika ukumwa, mwana wanga?"

"Ndikumwa, agogo."

"Nanga tiyi?"

"Sindimukhudza n'komwe."

A Velayudhan anasiya dzanja la Ambili. Kenaka anatembenukira kwa mayiyo.

"Pamene pafikapa si pa ufa wanga ayi. Pitani naye kuchipatala lero lomwe. Mtima wake ukupalasa bwato lopanda madzi."

Ali m'bwato pobwerera, Ambili anagwira mapazi a amayi ake.

"Amayi, akandigoneka kuchipatala, mawa lomwe nkhani ifika kwa a Devayani. Mukudziwa mmene madzi amanyamulira mawu kuno. Ukwati watsala pang'ono. Ukangotha ndidzapita ndekha, ndikulumbira."

Mayi Sarojam anayang'ana kumene kunali chipatala, anayang'ana mwana wawo, n'kukumbukira nawonso misana ya alendo ija. Anauza wopalasa kuti awongolere kunyumba.

Tsiku la ukwati kunacha bwino. Kachisi wa m'mphepete mwa madzi anali atamukongoletsa ndi makwawule a nthochi ndi nsomo za kokonati, ng'oma ndi zitoliro zikulira, mpunga ndi ndiwo zamitundumitundu zikudikira alendo. Ambili anamuveka sari yolemera, zibangili zobwereka, ndi maluwa oyera onunkhira m'tsitsi mpaka mutu kuwerama. Atsikana onyamula tinyale anatsogola, iye pambuyo. Anthu anaimirira pazala kuti amuone, ndipo anamva kunong'ona kukuyenda m'khamu ngati mphepo m'munda wa mpunga: ngati mwezi, ngati mwezi.

Kenaka tinyale tija tinayamba kuchuluka. Tinachoka m'manja mwa atsikana n'kuyandama m'mwamba ngati ziphaniphani. Kulira kwa ng'oma kunalowa m'chifuwa mwake, moti sanadziwenso kuti ng'oma ndi iti, mtima ndi uti. Anamuona Prakashan ataima ndi kachingwe kachikasu m'manja, koma anali kutali, kumapeto kwa ngalande yaitali yopanda bwato. Fungo la maluwa linasanduka madzi ofunda okwera kuchokera kumapazi, kufika m'chiuno, kufika m'khosi. Ambili anaganiza kuti palibe cholakwa kugonako pang'ono pamadzi okoma chonchi. Anagona.

Amene analipo amati anagwa ngati nsalu yopulumuka pachingwe, osamveka n'komwe phokoso. Zitoliro zinadukira pakati. Anamuwaza madzi, anamupepesa ndi tsamba la nthochi, koma milomo inali mbee ngati ya munthu wakufa. Pamene ankamunyamulira kuboti, woona nyenyezi anayang'ana dzuwa n'kupukusa mutu. Kanthawi kaja kanali katadutsa.

"Mwatibisira matenda!" anakuwa mayi Devayani pamaso pa khamu lonse. "Mumafuna mwana wanga akwatire maliro? A Kamalakshi ali kuti?"

A Kamalakshi anali atasowa ngati mchere m'madzi.

Ambili anatsitsimuka m'chipinda choyera, thumba la magazi a munthu wosamudziwa likudontha pang'onopang'ono kulowa m'mkono mwake. Adokotala anati akanachedwa pang'ono mtima ukanatopa osadzukanso. Mayi Sarojam anali pambali, akadali ndi zovala za ukwati zitakwinyika. Ambili anayang'ana madontho ofiira aja nthawi yaitali, kenaka anaulula zonse: za namasupuni, za ketulo ya kuseri, za chamwamba.

Mayiyo sanakalipe. Anayang'ana manja awo, amene m'mawa uliwonse ankasinja nelika pamwala mpaka zala kuchita dzanzi.

"Ndiye kuti nsomba za pakhomo pathu zili ndi magazi ambiri chaka chino," anatero. Anayesa kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. "Nanenso ndinalakwa, mwanawe. Wopalasa uja ndinamuuza ndine kuti awongolere kunyumba."

Patapita masiku, Prakashan anabwera yekha, atanyamula malalanje m'kathumba. Anaima kumiyendo kwa bedi akupotokola chipewa chake cha ntchito.

"Amayi sakudziwa kuti ndili kuno," anatero. "Ndangoti ndikuoneni, ndinenenso chinthu chimodzi chimene chikundivuta. Amene ndinatuma azakhali anu ndine. Chaka chatha boti langa linazima injini pafupi ndi chisakasa chanu. Panali mtsikana wina akuvuula makoko m'matope, akuimba. Atationa tikuvutika anatifuulira kuti, 'Amuna onsewo kulephera kachitsulo kamodzi? Tsikani mukankhe!' Anthu onse m'boti anaseka. Anali wakuda, akunyezimira ndi madzi ngati mwala wa mumtsinje. Ine kuyambira tsiku limenelo ndinkachepetsa liwiro ndikafika pamenepo."

Ambili anatseka maso.

"Tsiku lodzakuonani lija ndinkaganiza kuti atulutsa mkulu wanu wodwala. Ndinkadikira kuti mutuluke inuyo. Ndikanafunsa, koma amayi anali atakondwa kale." Anaika malalanje patebulo. "Pano alumbira pamaso pa abale onse kuti sizidzatheka. Ine ndine mwana mmodzi yekha. Sindingathe kuwatsutsa."

"Mtsikana munamuonayo ndinamuthira m'ngalande ndekha," anatero Ambili osatsegula maso. "Pitani bwino, achimwene."

Atatuluka m'chipatala anabwerera kwa a Velayudhan ali ndi mawu opepesa okonzeratu, koma mkuluyo sanamulole kuwamaliza. Anangomupatsa kabotolo kena, n'kumuthyolera nelika wa pamtengo wa pakhomo pake. Adokotala nawo anali atamupatsa mankhwala oletsa kutaya magazi kwambiri kumwezi. Nthawi iyi kapu ankaimwera m'khitchini, ataimirira pamaso pa amayi ake, nkhope itakwinyika ndi kuwawasa. Kuchira kunachedwa kuposa poyamba, pakuti chitsime chophwa mpaka pamatope sichidzaza ndi mvula imodzi. Koma kunabwera. Manja anafunda, zikhadabo zinawongoka, ndipo khungu linabwerera lonse, lakuda bii.

Nyengo yokolola mpunga itafika, m'mawa wina kunamveka zitoliro pangalande. Linali boti lokutidwa ndi maluwa, lodzaza ndi anthu ovala zoyera. Kutsogolo kunakhala Prakashan ndi mkwatibwi wake, mtsikana wa tsidya lina, kachingwe kachikasu kali m'khosi. Amayi opuntha makoko anasiya zibonga m'mwamba n'kuyang'ana Ambili. Mayi Sarojam analeka kuzunguza gudumu.

Ambili anaima ndi luzi m'manja mpaka boti linadutsa, mafunde ake n'kudzamenya masitepe, kenaka madzi n'kukhalanso bata. Misozi inatsika, iye osaipukuta.

"Zunguzani, amayi," anatero. "Chingwe chikupotoloka."

Gudumu linalira, ndipo iye anayamba kuyenda chafutambuyo, mapazi akuponda nthaka molimba.

Anthu amene anaimirira pazala kukachisi kuja anaona zoona: mtsikanayo anali wokongola ngati mwezi. Chimene sanaone n'chakuti kukongolako anali matenda atavala sari, ndipo mwini wake anawadyetsa ndi manja ake mpaka anatsala pang'ono kumudya iyeyo. Maso amathera pakhungu. Akuluakulu anaona kale zoterezi pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.